Zala za aNambewe

Fungo la utuchi wa paini likandipeza m'mawa wachifunga, amene amabwera m'maganizo mwanga ndi aNambewe, anansi athu a m'tsinde mwa phiri la Dedza. Ankatayipa makalata pa kampani ina yocheka matabwa. Ife ana tikapita kukawola utuchi wosonkhera mbaula, tinkamva makina awo akulira ngati matalala pamalata, kenako kabelu kumapeto kwa mzere, ndipo madzulo ankadutsa pakhomo pathu zala zili bii ndi inki, juzi ikununkhira utomoni.

Lamulo lawo linali limodzi: akalakwitsa chilembo, ankasolola pepala lonselo n'kuyambiranso. "Pepala lazigamba ndi chipongwe kwa woliwerenga," ankatero.

Ndili Fomu 1, kampaniyo inagula makompyuta n'kulengeza kuti otayipa onse ayesedwa, wolephera achotsedwa. ANambewe ankalera adzukulu amasiye ndi ntchito yomweyo. Anabwereka laputopu kwa mphunzitsi wina wa kutchalitchi kwathu, ndipo poti ine ndinali nditaigwirako kusukulu, anandiitana. Ndinakhala pamphepete pa mphasa.

Zala zawo zinkathamanga kuposa maso anga. Kenako zinaima.

"Ndalakwitsa. Pepala lina ndilitenga pati?"

"Ayi amayi, mungodina apa, chilembocho chichoka."

Anadina, chinachokadi. Anatembenuza laputopuyo n'kusuzumira kumbuyo kwake.

"Chapita kuti?"

"Chafufutika basi, amayi."

"Iwe Mphatso, ndakusambitsapo ine, usandipusitse. Cholakwa sichisowa chonchi. Chabisala m'katimu, abwana akachipeza."

Ndinawasonyeza mobwerezabwereza, iwo n'kumagwedeza mutu pondimvera chisoni. Koma akangolakwitsa, ankafufuta tsamba lonse n'kuyambira pamwamba.

Tsiku la mayeso anachita chimodzimodzi. Atsikana ochokera kukoleji amene ankayesedwa nawo limodzi anamaliza n'kutuluka kukawotha dzuwa, iwo akuyambiranso. Nthawi itatha, anali ndi mizere yochepa chabe, yopanda banga ndi limodzi lomwe. Powatsanzika, kampaniyo inawapatsa makina akale aja, amene riboni yake ya inki sinkapezekanso ngakhale paboma.

Anayamba kugulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu wa M1. Mdzukulu wawo wamkulu, amene tinkakhala desiki imodzi, anasiya sukulu n'kuwolokera ku Mozambiki kukagwira ganyu, ndipo sanabwererenso. Lamlungu masana tinkamvabe matalala aja kuseri kwa mpanda. Tsiku lina ndinasuzumira: riboni inali itauma kalekale, pepala likutuluka loyera, koma anaima pakati, kulisolola, n'kuika lina.

ANambewe anatisiya. Ine lero ndimatayipira anthu makalata pa kasitolo kena paboma. Ndimalakwitsa kambirimbiri patsiku, ndimadina, cholakwacho chimachoka, ndipo palibe amadziwa. Malipiro anga amachokera pa batani lomwelo limene linawachotsa ntchito. Kasitomala akatuluka, nthawi zina ndimangoona dzanja langa latembenuza kompyuta, ndikusuzumira kumbuyo kwake.