Khadi langa la ku banki m'jekete la malemu

Nkhani iyi ena aiyesa yopeka, koma ine sindinaimve kwa munthu, inandigwera ndekha, ndipo akumudzi kwathu kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala angandichitire umboni.

Chaka chimenecho mpunga unandiyanja, ndipo ndalama yake ndinaisunga ku banki ku Zomba kuti mvula ikagwa ndilipirire aganyu owokera komanso kugula feteleza. Banja lonse linkayang'ana pamenepo. Khadi lotapira ndalamayo ndinkalibisa m'thumba lam'kati la jekete la bambo anga ondibereka, amene ndinkakhala nawo pakhomo atakalamba. Jeketelo linali la kutchalitchi, ndipo ndani akanapisa dzanja m'chovala cha mkulu ngati ameneyo?

Ndiye bambo aja anatisiya mwadzidzidzi. Mukudziwa mmene mutu umaimira pa maliro a kholo, za khadi sindinaziganize n'komwe. Ndinadzakumbuka titabwera kumanda, nditaona pa msomali pomwe jeketelo linkapachikidwa pali mbee. Amuna anga anandiuza kuti jeketelo analiona ndi maso awo amayi achikulire akulipinda n'kuliika m'bokosi pamodzi ndi zovala zina, monga timachitira kwathu kuno. Ndinati mawa lomwe ndithamangire ku banki, koma iwo anandikalipira, amvekere mwana wa malemu sayenda ulendo asanamete, anthu adzati ndalama zandikomera kuposa bambo anga. Anawonjeza kuti kumanda kulibe wakuba, khadilo lili posungika kuposa ku banki komwe. Ndinaona kuti akunena zoona, ndinakhala.

Foni yanga inali itathima masiku onse a maliro. Tsiku lometa nditakaitchajitsa ku golosale n'kuiyatsa masanasana, anthu ali tho pabwalo, munalowa uthenga woti pafupifupi theka la ndalama zanga latapidwa pa makina. Abale anga, ndinauwerenga kawiri. Khadi lili pansi pa dothi, ndipo nambala yachinsinsi anandisankhira ndi malemu omwewo. Amuna anga anali pambali panga pomwepo, ndipo atawerenga anagwira pakamwa n'kunong'ona kuti mkulu uja wapita wokwiya, akutenga yoyendera, ndisauze munthu. Koma chinsinsi pa maliro chinayamba chakhalapo? Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva, ena ati tipite kwa sing'anga, ena ati tiitane abusa. Masiku amenewo foni ikangolira ndinkanjenjemera, ndipo m'chipinda cha malemu sindinkalowamo ndekha. Ndinkaopa bambo anga enieni, amene sanandimenyepo chibadwire.

Mantha atandikwana ndinakwera njinga yamoto mpaka m'tauni. Ku bankiko ndinaima pa mzere kuyambira m'mawa, ndipo nditafika kutsogolo mtsikana wa pa kauntala anandifunsa ngati khadilo latayika kapena labedwa. Ndinati lili kumanda. Anandiyang'ana ngati ndasokonekera mutu, kenako analitseka pa kompyuta, ntchito yosatenga nthawi n'komwe, n'kunditumiza kupolisi kukatenga lipoti. Kupolisi ndinalipira, ndipo ndinawapatsa choseka cha tsiku limenelo. Pobwerera ku banki ndinapeza atatseka.

Ulendo wachiwiri anati netiweki palibe. Wachitatu anandidula ya khadi latsopano, ndalama yoti kwathu ugula nayo ndowa ya mpunga, n'kunena kuti makhadi amachokera kulikulu, ndidikire masabata awiri. Masabata awiriwo anabala anzawo. Nditapempha kuti nditape pa kauntala, anati chitupa changa cha unzika chinatha mphamvu, ndikakonzetse kaye, ndipo kumenekonso kunali mzere wake ndi malipiro ake. Ulendo uliwonse wa njinga ankadya zake, ine ndalama ndili nayo koma ndikuyenda ngati wopemphetsa. Mkulu wina pa bankipo anandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayankha kuti nkhono ilibe mbande ku nazale, pakuti zanga zinali zikukalamba, anzanga atawokera kalekale. Ndinapsa mtima mpaka misozi, pamaso pa anthu.

Tsiku lomwe khadi linafika ndinapemphanso sitetimenti, pepala losonyeza mmene ndalama zatulukira, ndipo nalonso ndinalipira. Mtsikana uja, amene tsopano tinali titazolowerana, anandiwerengera pang'onopang'ono. Uthenga uja sunali wa tsiku lometa ayi, unangochedwa chifukwa foni inali yothima. Ndalama inatapidwa m'tauni momwemo tsiku lomwe bambo anali chigonere m'nyumba, bokosi lisanakhomedwe. Ndipo tsiku limenelo munthu mmodzi yekha wa pakhomo pathu ndiye anapita ku Zomba, wotumidwa kukagula nsalu ndi shuga wa pa maliro. Nambala ija ankaidziwa, ndinamuuza ndekha chaka chomwe ndinagonekedwa m'chipatala.

Nditafika kunyumba sindinafuule. Ndinangoyala pepalalo pa mphasa. Amuna anga anayamba ndi kukana, kenako anati anangobwereka, amafuna kugula ukonde kuti akayese mwayi wa usodzi ku chilumba cha Chisi, akanabweza ndisanadziwe. Ndinawafunsa ngati ukondewo ndi umene unawatuma kunamizira munthu wakufa, n'kumandionerera ndikunjenjemera masabata onse aja. Nkhani inapita kwa ankhoswe, ndipo banja linathera pomwepo. Chaka chimenecho ndinawokera theka la munda, mochedwa, ndipo ana anga anaidziwa njala.

Lero ndimakhulupirira kuti akufa satapa ndalama, ndipo ndikamadutsa kumanda ndimawapepesa bambo anga mumtima chifukwa chowayesa wakuba. Inu anzanga, khadi likangosowa katseketseni tsiku lomwelo, kaya pali maliro kaya anthu akunenani, pakuti mizere ndi malipiro a ku banki n'zopweteka koma zimatha. Ndipo wina akakuuzani kuti musafulumire, chinthu chanu chili posungika, muyang'anitsitseni ameneyo, ngakhale mumafunda naye bulangete limodzi.