Mbiya Yokana Kulowa Pakhomo

Ndikakumbukira anganga anga, Abiti Sumani, chimayamba kundifika ndi fungo la madzi a mu mtsuko watsopano, fungo lija la mvula yoyamba ikagwa pa fumbi, kenako kaphokoso ka chala chawo chikugogoda mphika, ngo, ngo, ngo, khutu ataliyandikiza, maso atatsinzina, pakamwa patakonzeka kale kunyoza. Anganga sanali munthu wofatsa, iyayi. Anali aafupi, a mawu aakulu, kachitini ka fodya wa mphuno kali pa nsonga ya nsalu, ndipo mbuzi, nkhuku ndi ife adzukulu tinkalandira mwano wofanana. Tinkakhala ku Utale, kufupi ndi njanji, moti sitima ikamadutsa miphika yovundikira pa thandala inkanjenjemera.

Miphika yonseyo inkachokera m'manja amodzi. Tsidya la kakhwawa kunkakhala Abiti Jafali, mayi wamasiye woumba mbiya, amene anavinidwa tsimba limodzi ndi anganga ali atsikana. Mwendo wawo wakumanzere unafota kalekale, khasu sankalitha, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Joni n'kutchona. Chimene anatsala nacho ndi manja awo, ndi dzenje la dothi la mtapo m'mbali mwa Rivirivi. Tsiku lowotcha, utsi wa makungwa ndi ndowe zouma unkafika mpaka pakhonde pathu, ndipo mbiya zikamachoka pamoto zili psuu, iwo ankaziwaza madzi a makungwa ndi katsache, zikuchita tsss, nthunzi ili tolotolo, nkhope yawo ili thukuta lokhalokha.

Kwathu mphika sunkagulidwa ndi ndalama. Mtengo wa mphika unali chimanga chodzaza mphikawo. Ukasankha kamphika ka ndiwo, unkathiramo chimanga chotonola mpaka m'milomo, woumba n'kukhuthulira m'dengu lake, iwe n'kusenza mphika wako. Mtsuko chimodzimodzi. Panalibe chonenerera, koma anganga sankasowa pokanganira.

"Uwu ndi mphika kapena chigoba cha fulu?" ankatero akugogoda.

"Ngati simukuufuna usiyeni, Abiti Sumani. Agula odziwa kuphika."

Akatero ankakhala pansi n'kugawana fodya.

Kenako kunabwera masefuliya. M'masitolo a amwenye ku Balaka munadzaza masefuliya, ndowa ndi mabeseni a maluwa ochokera kutsidya kwa nyanja, otsika mtengo moti mayi akagulitsa kathonje kake ankabwerako atasenza mulu. Ndisaname, zinthuzo zinali zabwino. Zinali zopepuka, mwana akagwa nazo sizinkasweka, ndipo madzi ankawira ndi tinkhuni tochepa. Azimayi ankakwera sitima m'mawa, khadi la chipani atalisunga bwino kuopa kubwezedwa pa chipata cha msika, madzulo n'kumatsika katundu akung'anima pamutu. Amalume anga, Che Dauda, amene ankagwira ntchito ku siteshoni ya Balaka, nawonso anawabweretsera anganga sefuliya yawo. Anganga anaigogoda, n'kukwinya mphuno.

"Anaiumba ndani?"

"Makina, amayi. Kunja uko."

"Ndiye ikayamba kudontha ndikamutukwane ndani?"

Tiyi ankaphikamo ndithu, koma Abiti Jafali akamveka ndodo yawo panjira, sefuliyayo inkalowa pansi pa dengu.

Njira ya kwa Abiti Jafali inayamba kumera udzu. Mbiya zinangounjikana kuseri kwa nyumba, mavu n'kumamangamo. Ndiye chinafika chaka chimene mvula inadula chimanga chikumasula. Anthu anakolola tochepa, ndipo panalibe woti n'kuthira chimanga chake mu mphika wadothi sefuliya ili m'nyumba. Mphwawo wa Abiti Jafali wa ku Namwera anatuma mawu kuti Idi ikapita adzawatenga, asafe ndi njala okha.

"Kumeneko ndikangokhala pakhonde ngati mtondo wong'aluka," anawauza anganga. "Dothi lake sindilidziwa, anthu ake sindiwadziwa."

Tsiku limenelo anganga sananyoze chilichonse, ndipo ife tinachita mantha.

Nkhokwe yathu nayonso sinadzaze, koma anganga anatapa dengu la chimanga n'kuwasenzetsa amayi anga kuti akapereke. Amayi anabwerera nalo lili chidzadzire.

"Akuti sadaka mukapereke kwa opanda manja. Iwo manja akadali nawo."

Anganga anatukwana mpaka nkhuku kulowa. M'mawa mwake anamanga nsalu n'kuwoloka kakhwawa, ine ndili pambuyo. Tinawapeza Abiti Jafali atakhala pa mkeka, moto wosakoleza.

"Abiti Jafali, mwakalamba," anayamba anganga asanapereke n'komwe moni. "Timiphika tanu ta masiku ano n'tophikira ana masanje. Mbiya yeniyeni simungaithenso."

"Yotani?"

"Ya thobwa la mudzi wonse pa Idi. Yofika apa." Anadzigwira pachifuwa.

Onse awiri ankadziwa kuti mbiya ikakula, chimanga chodzazira chimakulanso.

"Chimanga chake muli nacho?" anafunsa Abiti Jafali.

"Nkhokwe ndi yanu kodi? Inu umbani."

Amalume atamva anabwera pa sitima ya Loweruka atakwiya. Sanali munthu woipa, ankaganiza za ife. Anati chimanga chodzaza mbiya yotero chikachoka m'nkhokwe, ana tidzafika mwezi wa mvula tikudya chiyani? Ngati ndi za thobwa, iwo atha kupeza mgolo wachitsulo ku Balaka pa mtengo wozizira.

"Mgolo wakowo," anatero anganga akununkhiza fodya, "udzabwera kudzandisambitsa ndikafa?"

Amalume anabwerera pa sitima ya mawa lake.

Mbiyayo inatenga nthawi kuposa ina iliyonse. Utsi usanakwere, tinkaona Abiti Jafali akuizungulira ndi ndodo yawo, akuwonjezera dothi pang'onopang'ono, akuifunditsa masamba a nthochi kuti iume mosathamanga. Itapsa, amuna anaimangirira pa nsungwi n'kuinyamula ngati maliro, akudandaula njira yonse kuti mbiya yanji yolemera chotere. Pakhomo la nyumba yathu inakana kulowa. Anaizunguza uku ndi uku, anganga akulalata, mpaka anangoikhazika pansi pa mtengo wa mango.

Anganga anayala mikeka mozungulira, n'kuyamba kuthira chimanga, amayi akutapa m'nkhokwe, anthu ataima kuonerera. Ine maso anali pa nkhokwe ikutsika. Koma madengu asanathe amene anganga anakonza, chimanga chinafika m'milomo. Anganga anaima. Anapisa mkono m'chimangamo mpaka paphewa, n'kupapasa m'kati, pansi ndi m'mbali. Atautulutsa anawayang'ana anzawo aja ndi diso lofiira.

"Chimbiya chachikulu chopanda mimba."

"Ndi mmene dothi linafunira," anayankha Abiti Jafali akuyang'ana kumbali.

"Chabwino. Koma kwathu kuno timadzaza ndi mulu."

Mwambo umenewo anaupeka pomwepo, aliyense ankadziwa. Anapitiriza kuthira, chimanga chinaunjikana pamwamba n'kuyamba kutayikira pa mikeka, iwo osaleka mpaka dengu lomaliza.

"Chagwa pansicho n'cha woumba. Wolani msanga nkhuku zanga zisanadye."

Abiti Jafali anangotambasula dzanja, anganga n'kuwathirira fodya.

Ku Namwera sanapite. Ife chaka chimenecho tinadya nsima ya gaga ndi mango owiritsa, tinaonda ndithu, koma tinafika pa chimanga chachiwisi tonse amoyo. Thobwa la Idi linaphikidwa lochepa, longofika pakati pa mbiya. Pambuyo pake inasanduka yosungira madzi akumwa, ndipo azimayi obwera kudzacheza, amene madzi a m'ndowa zawo ankafunda dzuwa likakwera, ankamwa n'kudabwa kuzizira kwake. Ena anabwerera kukaumbitsa mitsuko. Sanali ambiri, koma njira ija inaonekanso.

Anganga ndi amene anatsogola. Ndinali nditakula, ndipo ndinali mmodzi wa otunga madzi osambitsira maliro. Abiti Jafali anawoloka kakhwawa akutsimphina, n'kukana madzi a m'ndowa. Anati titunge mu mbiya ya pansi pa mango. Anawasambitsa anzawo okha ndi manja awo aja, ndipo ndili pakhomo ndinawamva akulankhula motsitsa ngati anganga angogona tulo.

"Abiti Sumani, mwandisiyira ndani woti azindinyoza?"

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira mpweya utachoka.

Patapita zaka, onse awiri atagona, mphepo inathyola nthambi ya mango n'kugwera pa mbiya ija. Ndipamene tinaona chimene anganga anachipapasa tsiku lija. Zipupa zake zinali zokhuthala ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo pansi pake panali dothi lokhalokha. Anganga anaitanitsa mbiya yaikulu kuti mnzawo adye osapempha. Mnzawoyo anaikhuthalitsa m'kati kuti nkhokwe yathu isathe. Ndinakhala pansi pomwepo, mapale ali mbwee, osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire.

Lero ndimakhala ku Balaka, ndipo m'khitchini mwanga mwadzaza mapoto akunja, sindibisa. Koma madzi akumwa ndimasunga mu mtsuko umene ndimagula kwa mayi wina wa ku Ulongwe. Ndimaugogoda, ndimaunyozako pang'ono, iye n'kumaseka. Ndipo ndinasunga phale limodzi la mbiya ija, ndimakazingiramo mtedza. Limachedwa kutentha, adzukulu anga amadandaula kuti bwanji osangotenga chiwaya. Ine ndimawauza kuti adikire. Kukhuthala kumeneko ndi chimanga chimene Abiti Jafali ankafuna kuti tidye ife.