Phazi la Malume ndi Nyimbo ya ku Japan

Ndikukumbukira bwino lomwe chaka chimene banja lathu linathandiza dziko la Japan pa nkhani ya chikhalidwe. Eni ake sanapemphe thandizolo, ndipo mpaka lero sakudziwa kuti analandira, koma ife a Phiri sitigwira ntchito kuti atiyamike.

Zinali m'zaka za m'ma 1980, tikukhala ku Hyattsville ku America, m'nyumba yosanja ya makoma opyapyala moti mnansi akayetsemula ife tinkayankha kuti pepani. Ine ndinali nditangoyamba kumera tiziphuphu kumaso. Bambo ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu ku Washington, kumene ankavala tayi n'kumalangiza maiko osauka za ulimi. Ndiye panali a Malume Yohane, alongo awo a mayi. Iwowa anabwera kudzaphunzira za akaunti, koleji inawaona chaka chimodzi n'kuwasowa. Njira imeneyi ndinadzaitsata inenso nditakula, choncho ndimawatchula mwaulemu ngati munthu amene analambula msewu.

Kwawo kwa mayi ku Dedza, malume ndiye mwini mbumba, mkamwini ndi wobwera kudzagwira khasu. Ku Hyattsville zinthu zinatembenuka chadodolido. Mwini mbumba ankagona pa sofa ya mkamwini, kudya za m'firiji ya mkamwini, n'kumakhwekhwereza gitala yake tsiku lonse. Bambo anapirira, anapirira, mpaka Lamlungu lina tikuchokera ku tchalitchi anati, "Alamu, chipale chija amati sinowo chikadzagwa musanandionetse kuti kuimbaku ndi ntchito, ndikugulirani tikiti ya kumudzi. Yopita yokha." Ine mtima unagwa. M'nyumba monsemo malume okha ndiwo sankandifunsa kuti ndidzakhala ndani ndikadzakula.

Chipulumutso chinachokera ku Landover. Malume anapita kumeneko kukafuna ganyu yonyamula makatoni, n'kupeza kampani ina imene inkagula nyimbo zopanda mawu n'kumazibwereketsa ku malesitilanti, kwa madokotala a mano ndi m'zikepe. Masiku amenewo malesitilanti a Chijapani ankamera ngati bowa, ndiye kampaniyo inkafuna nyimbo yachikhalidwe cha ku Japan, koma yopekedwa kumene, yopanda mwini woti adzabwere kudzaililira. Aliyense anali ndi ufulu wotumiza kaseti. Sanalembe paliponse kuti a ku Dedza ayi.

Tinakabwereka chimbale ku laibulale kuti timve zimene tikupikisana nazo. Panali koto, amene ndi bangwe wautali wa kumeneko, ndi chitoliro cha nsungwi cholira ngati mphepo pakamwa pa botolo. Nsambo inalira kamodzi, tiii. Kenaka zii. Kutalika kwa ziiyo, munthu ukanatha kukamwa madzi n'kubwerako. Malume anadzuka kukaona ngati singano yathyoka. Inali bwinobwino. Anakhala pansi mwakachetechete ngati munthu amene waona masomphenya.

"Mphwanga," anatero, "anthu awa akulipidwa pokhala chete. Ntchito iyi ndingaithe."

Sakanaitha. Koma tifika.

Koto wathu anali shelefu ya m'kabati ya mayi, nsambo zake za gitala ndi waya wa buleki ya njinga yanga, kumunsi kwake chigubu cha mafuta ophikira chokuzira mawu. Chitoliro chinali paipi ya pulasitiki imene tinaiboola ndi msomali wootcha pa sitovu, nyumba yonse n'kununkha ngati fakitale yapsa. Malume anali ndi mpata pakati pa mano, mpweya unkathawira pamenepo, choncho chitoliro chinagwera ine. Situdiyo inali bafa, chifukwa mawu ankamveka bwino m'matailosi. Tinkatseka kunsi kwa chitseko ndi thaulo, tepi rekoda n'kuikhazika pa chivundikiro cha chimbudzi ndi ulemu wonse.

Vuto linali phazi. Malume ankayamba bwinobwino, nkhope itagwa ngati ali pamaliro, tiii, n'kudikira. Koma phazi lamanja silinkadziwa za Japan. Linkayamba ndi chala chachikulu, kenaka chidendene, kenaka bondo, ndipo tepi isanafike pakati tinali tili pa ukwati ku Dedza, malume akugwedeza mapewa, mayi wa m'nyumba ya pansi akugogoda denga lake ndi tsache. Munthu woleredwa ndi ng'oma akamva mpata m'nyimbo amaona ngati dzenje pamsewu, amafuna kulikwirira. Phazilo tinayesa kulivula nsapato. Tinayesa kuliviika m'beseni la madzi, tepi inangojambula khuvu khuvu.

Mapeto ake ndinalikhalira. Ndinkakhala pa phazilo ndi thupi langa lonse, paipi kukamwa, dzanja lina litagwira msongolo wa malume. Lamulo linali lakuti asakhudze nsambo mpaka nditawatsina. Phazi linkaphupha pansi pangapo ngati mlamba m'thumba, thukuta likuyenderera, fungo la sopo ndi sokosi likukangana m'mphuno, ine ndikuwerenga maluwa a pa katani ya bafa. Ndikaona kuti munthu watsala pang'ono kuphulika, ndinkatsina. Tiii. Choncho kukhala chete konse kumene kuli m'nyimbo imeneyo n'kwanga. Ndi ntchito yokhayo imene ndinaiyamba n'kuimaliza.

Chuni chokha chinawavuta kupeka. Pomaliza anatenga china cha m'mutu mwawo n'kuchitamula ngati chingamu, liwu lililonse palokhapalokha. Nditafunsa kuti n'chiyani, anati n'cha makolo a ku Japan. Ine mwana wokulira kuno, Chichewa changa chopunduka, ndinavomera.

Kaseti tinakasiya ku Landover pa basi. Masamba a mitengo atayamba kufiira, foni inalira: aitenga. Bambo sanagwedezeke. Anati kaseti ngakhale mbuzi ingatumize, iwo akufuna kumva ndi makutu awo pamalo pamene pali anthu olipira. Malume anafufuza n'kupeza kuti nyimbo yathu ikulira m'lesitilanti ina ku Bethesda. Pamenepo bambo anaonetsa kuti sukulu anapitadi. Anaitana mnzawo wa ku ofesi, a Sato, Mjapani weniweni wobadwira komweko, kuti adzakhale woweruza mlandu osadziwa.

Tinapita Loweruka masana, kunja kukuzizira, mitambo ikuopseza sinowo. Pakhomo anativula nsapato n'kutikhazika pansi. Bambo, munthu amene anaphunzira zaka zonse zija kuti asadzakhalenso pamphasa, anapinda miyendo ndi tayi yawo, mawondo akulira. Kunabwera nsomba yaiwisi yodulidwa mokongola. Mayi anaiyang'ana n'kundinong'oneza kuti ndikafunse ngati makala awathera.

Kenaka kudenga kunamveka tiii. Ndinazindikira paipi yanga, ikupuma ngati mbuzi ya chifuwa. A Sato anatsinzina. Malume anagwira bondo lawo ndi manja awiri. Koma ine ndinkayang'ana mayi. Anasiya kulimbana ndi timitengo todyera, mutu n'kupendekera kumbali. Chala chawo chinayamba kugogoda patebulo, kulumikiza liwu ili ndi linzake, kufulumizitsa, kufulumizitsa. Milomo inayamba kuyenda. Kenaka mapewa. Kenaka analowetsa kansalu kopukutira m'kamwa, misozi mbwembwembwe.

Inali nyimbo ya pamtondo. Azakhali a mayi anaipeka chaka chimene bambo anabwera kudzakhala pachikamwini ndi manja awo a sukulu. Bambowo analima m'mawa umodzi, matuza n'kutuluka, masiku otsalawo n'kumayang'anira munda ali pansi pa mtengo wa mango ndi nyuzipepala. Mawu ake ankati mkamwini wa pensulo khasu lamuluma, m'bweretsereni mpando. Mudzi wonse unkasinjira nyimbo imeneyo. Bambo anathawa nayo mpaka kuwoloka nyanja yamchere, ndipo tsopano inali kuwatsikira kuchokera kudenga, itavala zovala za eni ake.

Makutu a bambo anaima. Anafunsa a Sato m'Chingerezi cha ku ofesi ngati nyimboyo inalidi ya kwawo. A Sato anaganiza nthawi yaitali, monga amachitira anthu aulemu. Anati sakudziwa kuti ndi ya chigawo chiti, ndipo woimba chitoliroyo mwina anali ndi chimfine, koma ndi nyimbo yokhudza mtima. Anati ikumveka ngati ikunena za mwamuna wotopa kwambiri.

Mayi anadzuka n'kuthamangira kuchimbudzi opanda nsapato.

M'galimoto pobwerera munali zii weniweni, woti tikanamujambula tikanalemera. Timadontho ta sinowo tinayamba kugwa pagalasi. Titaima pa maloboti, bambo analankhula osatembenuka.

"Alamu, nyimbo ija ili m'malo angati?"

"Akuti yafika mpaka ku Chicago, alamu."

"Kulikonseko ilibe mawu?"

"Ilibe, alamu."

"Ndiye mukhala konkuno. Kuno mukundinyoza ndi waya. Mukapita kumudzi mukaibwezera mawu."

Malume anakhaladi, ndipo ndi shelefu yomweyo anathandizanso Ireland, Peru ndi dziko lina limene sitinalipeze pamapu. Zonsezo zinali nyimbo za akazi a ku Dedza.

Lero zinthu zinasintha. Mwana wa mchemwali wanga amakanikiza batani pa kompyuta, koto n'kutuluka wosalala, wopanda fungo la pulasitiki, wopanda wina wonyozedwa m'kati mwake. Bambo anatisiya, malume akalamba, phazi lawo tsopano limakhala chete popanda wolikhalira. Koma chaka chatha ndinaimba foni kwa dokotala wa mano, anandiuza kuti ndidikire, ndipo m'khutu munalira tiii. Ndinadikira limodzi ndi zii wanga yemwe uja, ndikudziwa bwino pamene ndinatsina. Mtsikana wa pafoniyo atabwerera anandipeza ndikuimba mokweza kuti m'bweretsereni mpando, phazi langa likumenya pansi. Anandifunsa ngati dzinolo likupweteka kwambiri. Ndinati inde.