Lole Yosaimira Apongozi

Ndinakhala pa chikamwini ku Chipangali nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira. Mkazi wanga ndinkamukonda, ana athu anabadwira komweko, koma mudzi sunali wanga. Nkhokwe ndinamanga ndine, munda ndinkalima ndine, koma tsiku lofuna kugulitsa thumba la mtedza ndinkayamba ndafunsa. Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo zimenezi zinkandidya mkati. Ndinkafuna chitengwa, kutenga mkazi wanga ndi ana kukakhala nawo ku Chipata, pakhomo poti ndikatsokomola anthu adziwe kuti mwini wake wadzuka.

Malume a mkazi wanga sanakane. Anangoti ndiyambe ndapeza ntchito ya pamwezi, chifukwa mwana wa mlongo wawo sangakakhalire maganyu m'tauni. Kenako anawonjezera kuti ngakhale ntchitoyo itapezeka, mawu omaliza ndi a mayi a mkazi wanga.

Masiku amenewo ndinkayendetsa lole yokalamba ya wamalonda wina wogula thonje ndi mtedza m'midzi. Inali ntchito ya nyengo yokolola basi, mvula ikagwa ndinkabwerera ku khasu. Lole ija inkaima paliponse pamene dzanja lakwezedwa: wodwala, wopita kumaliro, wonyamula mbuzi, onse ankakwera. Pa mphambano pamene msewu wafumbi wa kwathu umakumana ndi tala wopita ku Lundazi pali mtengo wa mango, ndipo apongozi anga aakazi ankadikira pamenepo Loweruka ndi mtedza wokagulitsa kumsika ku Chipata. Ine ndi iwo tinkaopana monga mwa mwambo. Sitinkadyera pamodzi, ndipo tikakumana panjira mmodzi ankapatukira m'tchire. Koma lole inali nkhani ina. Akakweza dzanja ndinkaima, n'kutsika, n'kukweza thumba lawo, iwo n'kukhala kutsogolo nkhope ili kuwindo mpaka m'tauni. Ndikawapeza ndikulowera kumpoto, ndinkazunguliza chala m'mwamba kutanthauza kuti ndibwera, ndipo ndinkabweradi. Ulemu wonse umene ndinali nawo m'mudzi muja unali pa buleki ya lole imeneyo.

Mnzanga wina wogwira ntchito ku Mwami, kumalire ndi Malawi, ndiye anandiuza kuti kampani yaikulu ya masitolo ikufuna madalaivala a malole akeake, onyamula katundu kuchokera ku Lusaka kukatula m'masitolo ake kuno kum'mawa. Ndinathamanga nazo zonse zimene ankafuna: laisensi, zidindo za zala kupolisi, kupimitsa maso kuchipatala. Kunyumba ndinauza mkazi wanga yekha, n'kumulumbiritsa kuti asatsegule pakamwa. Kwathu chinthu sichinenedwa chisanapse, kuopa kuti anthu angachiponde.

Anatiitana ku mayeso Loweruka, chifukwa ndi tsiku limene lole imodzi inali pa mpumulo. Tinali amuna angapo titafola kuseri kwa sitolo, aliyense atavala malaya ake a kutchalitchi. Wotiyesa anali bambo wonenepa wochokera ku Lusaka, wa mawu ochepa, wovala magalasi akuda oti sungadziwe kumene akuyang'ana. Asanatipatse makiyi anatiuza malamulo. Lole ya kampani sinyamula munthu. Siima pena paliponse kupatula malo amene alembedwa. Muli kachipangizo kamene kamauza ofesi ku Lusaka lole ikaima, ndipo foni ya dalaivala imatsekeredwa m'kabokosi ulendo wonse.

"Olo ni amai banu bokubalani," anatero m'chinyanja chake cha ku Lusaka, "mupitilila. Bamene simungakwanise, gate ili apo."

Palibe amene anapita ku geti. Ine ndinangogwedeza mutu, ndikudziuza kuti zimenezo ndidzaziona m'tsogolo.

Kubweza lole ndi ngolo yake chafutambuyo pakati pa migolo kunagwetsa anthu awiri. Ine ndinalowetsa bwino, ngakhale malaya anali atamata kumsana ndi thukuta. Otsalafe tinayamba kutuluka naye mmodzimmodzi kumsewu. Woyamba anapita naye cha ku Mwami, wachiwiri cha ku Mtenguleni. Ndinaona kuti akusinthasintha njira kuti tisauzane, koma ndinkayembekezerabe kuti abwereza imodzi mwa ziwirizo. Nditakwera, n'kumanga lamba, iye analoza ndi cholembera.

"Lundazi road."

Unali msewu wodutsa pa mango paja. Linali Loweruka, ndipo dzuwa linali lisanakwere kwambiri.

Lole imeneyo inali yatsopano, chiwongolero chofewa ngati ukupukusa mbale, mpando wokwera moti msewu wonse unali pansi panga. Tsiku lina ndikanasangalala nayo. Koma ine ndinkangowerenga mitunda, ndikupempha Mulungu kuti bamboyu anene kuti titembenuke tisanafike pa mango paja. Tinadutsa midzi, tinakwera zitunda, ndinazemba maenje onse amene ndinkawadziwa ngati zipsera za m'thupi langa. Iye nthawi zina ankalemba kanthu. Ndinayamba kudzitonthoza kuti mwina apongozi apeza minibasi m'mamawa, mwina lero sanapite, mwina mwendo umene unkawavuta wayambanso.

Analipo. Ndinawazindikira patali ndi chitenje chawo cha amayi a kutchalitchi. Anali tsidya lina la msewu, mbali yanga, atakhala pa thumba, ndipo pafupi nawo panali amayi ena atatu a m'mudzi mwathu ndi madengu awo. Galasi la kutsogolo la lole ija ndi lalikulu ngati khomo la sitolo, palibe pobisala. Anadzutsa mutu, anandiona, ndipo ndinaona nkhope yawo ikudabwa kenako ikuwala. Anaimirira n'kukweza dzanja.

Sindinachite dala. Dzanja langa lamanja linachoka lokha pa chiwongolero, chala n'kuzungulira m'mwamba monga chinazolowera. Ndinalibweza msanga ngati ndagwira mbale yamoto, koma anali ataona kale.

"Nichani ico?" anafunsa wotiyesa.

"Ntchentche, bwana."

Patsogolo pang'ono, pa malo otakasuka pafupi ndi sukulu, bamboyo anati titembenuke. Ndinatembenuza bwinobwino, ngolo osakhudza ngalande. Tsopano tinali kulowera ku Chipata, kumene apongozi ankapita, ndipo ine ndinali nditawalonjeza ndi chala changa chomwe.

Ndinaganiza zambiri pa kamtunda kameneko. Ndikaima, ntchito yatha, ndipo ndibwerera ku khasu m'munda wa eni. Ndikapitirira, ntchito mwina ndiipeza, koma munthu amene ndamudutsa pamsewu ndi yemweyo amene ayenera kundipatsa mkazi wanga. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine sindinasankhe kukhala ndi awiri. Ndinakwiyira bambo wa magalasi akudayo, ndinakwiyira kampani yake, ndinadzikwiyira ndekha chifukwa chobisa nkhani imene ndikanangoinena.

Mtengo wa mango utaonekera, ndinaona chimene ndinkaopa. Apongozi anali atakokera thumba lawo m'mphepete mwenimweni mwa tala, atamangitsa chitenje. Amayi ena aja anali atasenza kale madengu. Zinali zoonekeratu kuti awauza: ndi mkamwini wanga uja, abwera, tikwera tonse.

Phazi langa linapita pa buleki. Mpweya unalira pansi pa lole, ndipo liwiro linatsika. Wotiyesa anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Mufuna kuimilila, mudala?"

"Ndi apongozi anga, bwana. Amayi a mkazi wanga."

Anayang'ana kunja, kenako anayang'ana ine. Ndinayembekezera kuti mwina anena kuti palibe kanthu, ingowapatsani moni. Nayenso ndi munthu, anakwatira kwa eni. Koma anangoika cholembera pa pepala n'kudikira.

"Motoka ili m'manja mwanu," anatero.

Hutala sindikanaimba, chifukwa kuimbira apongozi hutala n'chimodzimodzi kuwatukwana. Kuwakwezera dzanja kukanakhala kuwanamizanso. Ndinavula chipewa n'kuchiika pa bondo, ndipo ndinachotsa phazi pa buleki. Tinawadutsa pang'onopang'ono moti ndinaona dzanja lawo likadali m'mwamba, pakamwa patatseguka pang'ono. Pa kalilole ndinaona mphepo ya ngolo ikuwaulutsira fumbi, mmodzi wa amayi aja akutula dengu, wina akugwira pakamwa. Apongozi anatsitsa dzanja mochedwa, n'kukhala pa thumba lawo atafulatira msewu.

Njira yonse yobwerera sindinamve kukoma kwa lole ija. Titafika, bamboyo anatsika, n'kundiuza kuti ndakhoza ndipo Lolemba ndikwere basi ya ku Lusaka kukaphunzira ntchito. Ndinathokoza ndi manja awiri, koma ndikanakhala ndi mwala pafupi sindikudziwa chimene ndikanachita nawo.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike. Mkazi wanga ndinamupeza akusenda chinangwa maso ali ofiira. Anati amayi sanapitenso kumsika, anabwerera ndi thumba lawo pa njinga ya munthu, ndipo kuchitsime anthu akuti mkamwini wakwera lole yoyera ndiye wayamba kuona anthu ngati zitsa. Ndinamupempha kuti tipite limodzi akandilankhulire. Ndinanjuta patali, pafupi ndi nkhokwe imene ndinamanga ndekha, chipewa m'manja. Apongozi anali pakhonde akutongola mtedza womwe uja, atapereka mbali. Mkazi wanga anafotokoza zonse, za mayeso, za kachipangizo, za bambo wa ku Lusaka, za ntchito ya pamwezi imene malume ananena.

Anatongolabe kwa nthawi. Kenako analankhula kwa mwana wawo, osati kwa ine.

"Uwafunse bambo a ana. Lole imeneyo, tsiku limene iwe udzadwale pamsewu, idzaima?"

Ndikananama mosavuta. Koma ndinali nditawanamiza kale ndi chala tsiku lomwelo.

"Siidzaima, amayi," ndinatero ndikuyang'ana pansi. "Ndidzafika kaye kumene ndatumidwa, kenako ndidzabwera ndi miyendo yanga."

"Uwauze kuti ndamva."

Zinathera pomwepo. Sanati inde, sanati ayi. Ndinapita ku Lusaka ndi mawu amenewo pamtima, ndipo nditabwerako ndinachita lendi zipinda ziwiri mu komboni ku Chipata, mopanda kanthu kupatula mphasa ndi mbaula. Mkazi wanga pa foni ankangoti amayi sananenebe kanthu, ndisawakakamize. Malume anati iwo mbali yawo anamaliza. Ndinali ndi ntchito imene ndinkailota, ndi yunifolomu yolembedwa dzina la kampani pachifuwa, koma madzulo ndinkadya ndekha nditaimirira. Ndinayamba kuganiza kuti ndagula nyumba n'kugulitsa anthu okhalamo.

Patapita milungu ingapo anandituma kukatula katundu ku Lundazi. Popita pa mango paja panalibe munthu, ndipo ndinapumira m'mwamba. Pobwerera lole inali yopanda kanthu, ngolo yonse ikungolira mphepo, foni ili m'kabokosi monga mwa lamulo.

Patali ndinaona mulu wa katundu pansi pa mtengo. Ndikuyandikira ndinazindikira bedi lathu litaimikidwa cham'mbali, matiresi atamangidwa ndi chingwe, mapoto ali m'beseni, nkhuku ziwiri zitamangidwa miyendo. Ana anga anali atakhala pa thumba la chimanga atavala za kutchalitchi. Mkazi wanga anali ataimirira pambali, ndipo pafupi naye panali apongozi ndi chitenje chawo chija. Anali atamasula mwana wawo, ndipo anamuperekeza okha kudzadikira galimoto ya ku Chipata.

Misozi inadzadza m'maso moti ndinachita kuphethira kuti ndione msewu. Ndinali ndi ngolo yoti ikananyamula mudzi wonse. Mkazi wanga anandiona, anathamangira m'mphepete mwa tala, dzanja lake likukwera. Phazi langa linayamba kale kufunafuna buleki.

Apongozi anamugwira mkono n'kuutsitsa. Kenako, kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, anandiyang'ana m'maso, n'kukankha mphepo ndi dzanja kulozera ku Chipata kuti ndizipita.

Ndinavula chipewa n'kudutsa. Banja langa linafika madzulo pa kalole ka munthu wina, bedi litathyoka mwendo umodzi.