Nyemba pa Mapu a Alaska

Mpaka lero ndikamakanda ufa wa tirigu, fungo lake limandibwezera ku Alexandria, m'kanyumba kathu ka pansanjika yachitatu, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinayamba sukulu ku Amerika. Abambo ankayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe. Amayi ankakhala pakhomo. Ine ndinkakhala kumbuyo kwa kalasi osatsegula pakamwa, chifukwa Chingerezi changa chinkaseketsa anzanga.

M'nyengo yomweyo foni inabwera yoti ang'ono awo a amayi amwalira ku Ntcheu, ndipo uthengawo unatipeza ataikidwa kale. Amayi anayala chitenje pansi n'kutsegula chitseko, monga timachitira kwathu pakagwa zovuta. Anthu a m'nyumba zoyandikana ankangodutsa ndi nsapato zonyowa, ndipo mayi wina wachifundo anatitsekera chitsekocho poganiza kuti taiwala. Anzathu a kutchalitchi anabwera Lamulungu, ataweruka kuntchito. Ine chimene chinkandivuta chinali mphepo yolowa pakhomo basi.

Kusukulu aphunzitsi anapatsa mwana aliyense dera loti aliumbe pa katoni ndi ufa wosakaniza mchere, ndipo anati mapu abwino adzapachikidwa pakhoma. Ine anandipatsa chigawo china cha Alaska, kumpoto kwenikweni, chachikulu kuposa Malawi kangapo, koma cha anthu ochepa kwambiri moti chilibe ndi boma laling'ono lakelake. Ndinakondwa. Imeneyi inali ntchito ya manja, yosafuna kuyankhula, ndipo ndinkafunitsitsa kuti dzina langa lioneke pakhomapo.

Ndinaumba mapiri, ndinakumba mtsinje wa Yukon ndi chogwirira cha supuni, kenako ndinapaka penti yoyera ponseponse. Midzi inali timadontho tofiira towerengeka, totalikirana, m'mbali mwa mtsinje ndi mwa nyanja. Katoniyo ndinaiika pafupi ndi chitsulo chotenthetsera nyumba, chipinda chonse n'kumanunkhira buledi wosapsa.

Amayi anaima pamenepo nthawi yaitali. "Nanga pakatipa anthu ali kuti?"

"Palibe, amayi. Ngakhale msewu palibe. Amayenda pa ndege."

"Ndiye munthu akamwalira apa, wa uko amamva liti? Pasiwa amakagonapo ndani?"

Ndinawauza kuti buku lakusukulu silinanene zimenezo.

Mawa lake pobwera kusukulu ndinapeza mapu anga atadzaza nyemba. Amayi anali atazikanikiza m'ufa usanaume, mbali zonse zoyera zija, n'kuzilumikiza ndi tinjira tokanda ndi kamtengo ka machesi. "Ndakuikira midzi," anatero, "aphunzitsi ako angaone ngati unachita ulesi. Dziko lalikulu chonchi silingakhale mbee." Ndinayesa kuzula nyemba imodzi ndi mpeni, koma ufa unali utagwira ndipo phiri lonse linang'aluka. Ndinakadandaula kwa abambo. Iwo anangovula jekete lawo lonunkhira utsi wa galimoto n'kunena chapansipansi kuti, "Masiku ano usalimbane nawo amayi ako."

Mapuwo ndinawanyamula choncho kupita nawo kusukulu. Aphunzitsi anandifunsa mwaulemu kumene ndinapeza midzi yonseyo. Yankho ndinali nalo m'Chichewa chokha. Mapu a anzanga anapachikidwa, anga anakhala pamwamba pa kabati mpaka anayamba kusweka. Nyengo yonseyo ndinkadya chowerama, osawayang'ana amayi, ndipo iwo sanamvetse chimene analakwa.

Sukulu sindinapite nayo patali. Tsopano ndili ndi khanda langa ku Laurel, ku Amerika konkuno, ndipo masana ndimamva zitseko za anthu amene sindiwadziwa mayina zikutsekedwa m'kanjira. Nthawi ija ndinkaona kuti amayi andiwonongera mapu, ndipo anawonongadi, chifukwa dziko lija ndi lopanda anthu monga momwe buku linanenera. Koma ndikakumbukira mmene nyemba zija zinakhalira, ndimaona kuti sanangozimwaza. Anazidzala motalikirana mtunda woti munthu akalira m'mudzi uno, a m'mudzi winawo amve.