Mwana Wonunkhira Zitumbuwa

Inde, amene anasinthanitsa mafuta aja ndine. Musavutike kufunsa wina.

Alamu anga, akazi a achimwene, ali ndi khanda, Tadala, lolira ngati lalumidwa ndi linthumbu. Iwonso msana sunawasiye chibadwire mwanayo. Ndiye kunabwera mayi wina wa gawuni yoyera wochokera ku Mtunthama, ati katswiri wotikita minofu. Anawathowa alamu msana, n'kuwaphunzitsa kusisita mwana pamimba ndi kumupalasitsa timiyendo ngati ali panjinga. Tadala anageya, n'kugona.

Apo sindikutsutsa. Chinandikayikitsa ndi kabotolo ka mafuta kamene anawasiyira alamu.

"Mphamvu ili m'mafutamu, ngakunja," anatero mayiwo. "Aka n'kolawitsa. Kakatha, ngati ndalama palibe, kuponi ya feteleza ndimalandiranso."

Kuponi! Yomwe achimwene anapsera nayo dzuwa pamzere? Koma alamu anali atagwedeza kale mutu.

Atapita kukachapa, ndinakhuthula kabotoloko n'kuthiramo mafuta otsala m'chiwaya cha zitumbuwa. Akunjawo ndinadzoza tcheni cha njinga yanga.

Zotsatira zake? Tadala anagona mpaka mkonono. Njinga ikulirabe.

Tsono ndikufunseni, awerengi: bwanji akatswiri a timabotolowa amatulukira nyengo ya makuponi yokha? Makanda a kuno ku Kaomba salira mu Juni? Mayi amene wasowa tulo akhoza kugulitsa ndi chitseko chomwe, ndipo alipo ena amene amazidziwa bwino zimenezi. Kusisita kumathandizadi, koma ndi ntchito ya manja, ndipo manja sitigula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anandiulula ndi galu wathu. Anayamba kulondola alamu paliponse, kufuna kunyambita mapazi a mwana. Alamu ananunkhiza.

"Iwe Yona! Mwana wangayu bwanji akununkhira zitumbuwa?"

"Koma akugona, eti alamu?"

"Akanatuluka ziwengo, chitsiru iwe!"

Pamenepo ananena zoona, musakayesere kwanu. Koma mayi uja atabweranso, anapatsidwa mpando ndi madzi akumwa basi. Kuponi ikadali m'nyumba.

Achimwene anagamula mlandu: "Poti ndiwe dokotala, ukaweruka kusukulu uzilera ndiwe, mpaka tiwoke fodya."

Ndikulemba izi pamthunzi wa mango, Tadala ali lambalamba pamiyendo panga. Uko kudambo achimwene akupepesuka ndi makeni awiri, kuthirira nazale okhaokha, ntchito imene inali yanga.

Ndiuzeni inu, walangidwa ndani?