Tepi Wakuda pa Kagetsi ka Buleki

Nkhani iyi ndikamaifotokoza mtima umandiwira, ndipo sindibisa.

Sabata imene mwamuna wake anatuluka m'chipatala mwendo uli m'chikhakha, mayi amene ndikufuna kukuuzaniyu anachotsedwanso ntchito. Ankasesa pagalaja ya njinga zamoto, moti aliyense ankangomuti Mayi Tsache. Sukulu anaisiyira panjira, pakhomo pali ana atatu.

Mwamunayo ankanyamula anthu panjinga yamoto yakalekale, koma inali ndi ABS, kachipangizo koletsa tayala kuuma ukagwira buleki mwadzidzidzi. Kagetsi kake kochenjeza katayamba kuyaka osazima, anapita nayo kwa mwini galajayo, amene ankadzitcha yekha a Injiniya. Mukudziwa zimene anachita? Anadula tepi wakuda n'kumata pakagetsipo. Ati yatheka! Mvula itagwa, galu anadumpha msewu, tayala lakutsogolo linauma gwa, munthu n'kukagwera uko.

Kumatako Mayi Tsache anakuona ndi maso ake, tsache lili m'manja. Atawafunsa za ngoziyo pamaso pa makasitomala, a Injiniya anaseka.

"Iwe za mabuleki ukazidziwira kuti? Mwamuna wakoyo ndiye mbuli pa chiwongolero. Siya tsachelo, uzipita."

Adokotala anati chikhakha achotsa pakatha masabata asanu ndi limodzi. Mwamunayo ananeneratu kuti tsiku lomwelo akweranso njingayo, poti ana sangadye mphepo. Mayi Tsache anadziwa kuti ikagwanso sudzakhala mwendo wokha.

Anaikankhira kuseri kwa nyumba n'kumatula tepi uja. Zaka zinayi zosesa sanangoona fumbi lokha, ankaonanso manja a amakaniko. Anabwereka mita yoyezera magetsi kwa mkulu wina wokonza mawailesi. Fyuzi inali bwino, batirenso bwino. Patayala pali kamphete ka mano kamene sensa, diso la ABS ija, imawerengera liwiro, ndipo kanali katadzaza matope. Anakatsuka ndi mswachi wakutha mpaka mbee. Kagetsi kanangoti ndilipo.

Analira ndi ukali, osati chisoni. Apongozi ake nawo anaonjeza moto, ati mkazi wanji wonunkha girisi, mwana wawo akudwala iye ali kalikiliki ndi zitsulo.

Sabata yachisanu anayamba kulondola waya wa sensa ndi zala, kuchokera patayala kukwera m'mwamba. Kunja unkaoneka wabwinobwino. Koma ataulumikiza kumita ija n'kukhotetsa chiwongolero kumanzere, muvi wa mita unagwa. Atawongola, unadzuka. Anapeza kuti wayawo anaumangirira pafoloko ndi mphira wa chubu, wothina ngati akumanga mbuzi, ndiye unkakokeka pokhota paliponse mpaka unaduka m'kati. Mamangidwe amenewo ankawadziwa bwino. Zidutswa za mphira womwewo ndi zimene ankasesa tsiku lililonse pagalaja paja.

Mkulu wa mawailesi anamuonetsa kulumikiza ndi mtovu. Mayi Tsache atalumikiza wayawo, anaumanganso momasula bwino, n'kutembenuza kiyi. Kagetsi kanayakabe. Sipanala inatsala pang'ono kuulukira padenga.

Mwamuna wake, ali pamkeka, anati: "Amake mwana, kamazima njinga ikayamba kuyenda."

Mayi Tsache kuyendetsa sankatha. Anaikankha mumsewu akuthamanga, nsalu itamangidwa m'chiuno, anthu akuseka m'makonde. Asanafike pamphambano kagetsi kanazima. Anaima pomwepo n'kukuwa, oseka aja n'kuti wapenga.

Mwamunayo anakweranso njinga, ndipo mvula zitatu zadutsa osagwanso. Anzake apantchito anayamba kubwera ndi zawo, zambiri zili ndi tepi pamalo pomwe paja. Lero mayiyu ali ndi shedi yakeyake, ndipo tepi aliyense amene wamatula amamumata pachitseko. Chitsekocho chada bii.

Tsiku lina a Injiniya anatulukira akukankha njinga yawo, chigongono chili m'bandeji, ulemu uli tho, ati amayi tathandizeni. Mayi Tsache anasuzumira pamene pali kagetsi, kenako anawayang'ana kumaso.

"Matulani kaye nokha. Chitseko ndi icho."

Anamatula, anthu akuona.

Tsono inu amene akukunenani kuti ndinu wa tsache basi, kwiyani ndithu, koma ukaliwo upite m'manja. Vuto lanu musalimate tepi. Liyang'aneni likuyaka choncho, mulondole waya wake mpaka mupeze podukapo. Osataya mtima, kankhani mpaka kazime.